A Musalize ndi Galimoto ya Pansi pa Lona

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1957 m'nyumba za ogwira ntchito ku njanji, kuseri kwa siteshoni ya sitima za katundu. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Bambo awo anali osintha njanji, mayi awo ankachapa nsalu za kuchipatala. Mwa ana asanu ndi mmodziwo, amoyo atsala awiri, ndipo onse ali nafe pano. Ambiri mwa inu simunkawatchula malemu ndi dzina lobadwa nalo. Munkati a Musalize, iwo n'kumavomera, choncho ndi dzina lomwe limveke m'mbiri ino. Mwaonanso kuti tenti yaima mokhota ndipo ena mwakhala padzuwa chifukwa pakati pa bwalo pali galimoto yofunditsidwa lona. Banja likupepesa. Chifukwa chake chili m'mbiri yomweyi, ndipo tifikapo.

Anayamba sukulu mu 1964, anamaliza pulayimale mu 1972, ndipo sekondale anaimaliza mu 1976. Alongo awo amakumbukira kuti malemu ali ndi zaka khumi anamasula wotchi ya bambo awo, yomwe inkawadzutsa kupita kuntchito, n'kundandalika tizitsulo tonse pansalu motsatana ndi mmene anatichotsera. Atapezedwa sanathawe. Anangopempha kuti chikwapu chidikire kaye mpaka wotchiyo aibwezere, chifukwa wina akagwedeza nsaluyo zonse zisokonekera. Wotchi inayenda, chikwapu chinabwerabe. Mu 1977 analowa sukulu ya ntchito zamanja kukaphunzira umakaniko, ndipo mu 1980 analembedwa ntchito kugalaja ya kampani ya mabasi, mbali yokonza mabuleki.

Pa 3 Sepitembala 1983 anamanga banja ndi mayi athu amene akhala pakhondepo, omwe ntchito yawo ndi yosoka. Anadziwana chifukwa cha thalauza. Malemu atapita kukatenga thalauza lomwe anasoketsa, anatulutsa rula yachitsulo m'thumba, n'kupeza kuti mwendo umodzi watalika pang'ono. Mayi amati anavomera ukwatiwo kuti apeze mpata wotsimikizira bwinobwino kuti wofupika unali mwendo wa mwini thalauza. Nkhaniyi anakangana nayo zaka zonse za ukwati wawo, ndipo palibe anagonja. Mulungu anawapatsa ana anayi: wamkazi mu 1985, amuna awiri mu 1988 ndi 1991, ndi wamkazi womaliza mu 1996.

Pa 1 Febuluwale 1988 analowa ntchito ku ofesi yoyeza magalimoto, ndipo mu 1994 anawasamutsira kugawo lofufuza mmene ngozi zapamsewu zachitikira. Zida zawo masiku amenewo zinali tepi yoyezera, choko ndi kamera. Ankayeza mikwingwirima ya matayala paphula, kutalika kwa pomwe magalasi amwazikira, ndi kuya kwa pomwe chitsulo chaphwanyika. Foni ikalira ankasiya chakudya pambale. Pobwera sankalowa m'nyumba asanaime nthawi yaitali pampopi wapanja akusamba m'manja, ndipo ana ankadziwa kuti tsiku limenelo si lopempha kanthu. Zomwe aona kumeneko sankazifotokoza pakhomo. Ankangonena kuti womwalira salankhula, wopulumuka amakumbukira zomwe mtima wake ungathe kusenza, ndipo msewu umanena zoona mpaka mvula itagwa.

Kenako magalimoto anasintha. Mabuleki atsopano anasiya kukhukhuluza matayala, ndipo paphula panayamba kusowa choyeza. Mu Okutobala 2009 malemu anatumizidwa kumaphunziro a milungu isanu ndi umodzi, ali ndi zaka 52, wamkulu kuposa onse m'kalasimo. Kumeneko anaphunzira za kabokosi kamene kamakhala pansi, pakati pa mipando yakutsogolo, kolamulira mapilo a mpweya aja amafufuma pangozi. Kabokosiko kamasunga zomwe galimoto inkachita m'kamphindi kotsiriza isanagunde: liwiro, ngati phazi linaponda buleki, ngati lamba anali womanga. Mapilo akafufuma, zolembedwazo zimatsekeka. Akapanda kufufuma, zimakhala ngati choko pabolodi: munthu akaliza galimotoyo n'kuigwedeza mwamphamvu, zatsopano zikhoza kulembeka pamwamba pa zakale.

Dzina lawo linabadwa pa 21 Meyi 2012. Tsiku limenelo anafika pangozi ina n'kupeza oyendetsa galimoto yokoka zinzake, amene timati a bulekidauni, ataliza kale galimoto yangoziyo n'kuikweza pamtumbira wa m'mbali mwa msewu kuti ena adutse. Anachita zimenezo ndi mtima wothandiza. Kabokosi katawerengedwa, kanangosonyeza kugunda mtumbira kuja. Dalaivala wa galimotoyo anamangidwa potengera mawu a mboni ziwiri, ndipo malemu sanadziwe mpaka imfa yawo ngati chigamulocho chinali cholondola. Madzi akatayika saoleka. Kuyambira pamenepo, munthu amene sankakweza mawu ngakhale kwa ana ake ankatulutsa mutu pawindo galimoto ya kuntchito isanaime, n'kufuula mawu amodzi okha: "Musalize!" A bulekidauni anayamba kuwaseka nawo, kenako apolisi, kenako aliyense, mpaka mayi kunyumba.

Anzawo a kuntchito apempha kuti kagwiridwe kawo ka ntchito katchulidwe, chifukwa ndi komwe akutsata mpaka lero. Akafika pangozi ankayamba alanda kiyi. Analandapo kiyi kwa madalaivala, kwa apolisi, kwa abusa, ngakhale kwa bwana wawo weniweni yemwe anagunditsa galimoto pachipata cha ofesi. Kiyi ankamuika mu envulopu n'kumata, n'kuchotsa chingwe cha batire. Akatero ankapisa manja m'thumba n'kuzungulira galimoto osaikhudza. Ankasuzumira pamwamba pa galasi lakutsogolo, kuseri kwa kagalasi koonera kumbuyo, ngati pali kamera. Ankawerama kuona chizindikiro cha kampani chakumphuno, chifukwa chikakhala chosalala ngati mbale, nthawi zambiri kuseri kwake kumakhala chida choyeza mtunda wa zomwe zili kutsogolo. Ankawerenga timaso ta m'mabampala ndi mabatani a pambali pa chiwongolero.

Mapepala a galimoto sankawakhulupirira msanga. Ankati magalimoto awiri akhoza kufanana dzina, chaka ndi mtundu, koma ina ili ndi maso, ina ilibe; ina imatha kudzimangira yokha mabuleki kapena kukoka chiwongolero, ina imadikira munthu. Makamaka zogulidwa kunja zitagwirapo kale ntchito, mapepala ake amalembedwa ndi munthu amene sanaweramepo. Funso lawo kwa achinyamata a mu ofesi linali lakuti: pa nthawi imeneyo ankayendetsa ndani, munthu yekha kapena munthu ndi galimoto? Wofulumira kuyankha ankamutuma kukazunguliranso. Anapuma pantchito pa 31 Malichi 2017. Mayi amati anawalandira ngati katundu wobwezedwa kusitolo, wotha mbali zonse, koma anasangalala kuti tsopano chakudya chizitha pambale.

Mwana wawo woyamba, amene ndi mphunzitsi wa sekondale, anakwatiwa mu 2013 ndi mnyamata wa zamagetsi pafakitale ina. Mu 2015 anabereka ana amapasa, ndipo kuyambira pamenepo tonse timawatchula amake mapasa. Malemu ankagwirizana kwambiri ndi mkamwini wawoyo. Awiriwa ankatha Loweruka lonse atagwada pambali pa firiji yakufa, akutsutsana za waya mmodzi.

Loweruka pa 14 Ogasiti 2021, m'mawa dzuwa litakwera, amake mapasa anakatenga amuna awo kuntchito pagalimoto yomwe banjalo linali litangogula kumene. Bambowo anali atachezera ntchito, choncho anakhala kumpando wakumbuyo kuti agone. Pamsewu waukulu, pamalo owongoka, kutsogolo kulibe kanthu, galimotoyo inaima mwadzidzidzi. Lole yomwe inkabwera pambuyo inaigunda. Bambo a mapasa anamwalirira pomwepo. Amake mapasa anathyoka nthiti ndi phewa. Popeza kugundako kunali kwa kumbuyo, mapilo a mpweya sanafufume, ndipo injini sinakhudzidwe.

Malemu anafika pamalopo mwana wawo atatengedwa kale kupita kuchipatala, mkamwini wawo ali chigonere pambali pa msewu atafunditsidwa nsalu. Amene analipo akuti anaima pamutu pa mkamwiniyo kanthawi, atavula chipewa. Kenako anapisa manja m'thumba. Mapepala a galimotoyo ankati ndi ya wamba, yopanda zida zodzimangira mabuleki, koma iwo anaona kamera kuseri kwa kagalasi, anaona chizindikiro chosalala kumphuno. Sanakhudze chilichonse. Anaitana wapolisi ndi woyeza magalimoto amene anali pantchito, yemwe anamuphunzitsa okha, n'kuwapempha kuti achotse kiyi, achotse chingwe cha batire, ajambule zonse, ndipo galimoto inyamulidwe, isakokedwe. Anawauza kuti iwo ndi bambo wa dalaivala, choncho dzanja lawo likangokhudzapo, umboniwo wafa.

Amake mapasa ananena kuyambira tsiku loyamba kuti sanaponde buleki, galimoto inaima yokha. Ochepa anawakhulupirira. Dalaivala wa lole anati anangoona nyali zofiira zayaka. Apolisi anatsegula mlandu wopha munthu chifukwa choyendetsa mosasamala. Kunja kunayamba kuyenda mawu akuti banjalo linakangana m'mawa umenewo, n'chifukwa chake mwamuna anakhala kumbuyo, ndipo mkazi anaponda buleki ndi mkwiyo. Akuchimuna, amene anataya mwana wawo ndipo chisoni chawo sitikuchichepetsa, anasiya kufika pakhomo pano. Mapasa anayamba kubwera kuchokera kusukulu ali ndi mafunso omwe mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sangawapeke yekha.

Ali m'chipatala, amake mapasa anafunsa bambo awo ngati akuwakhulupirira. Ankayembekezera liwu limodzi. Malemu anayang'ana botolo la madzi olowera m'mitsempha, kenako anati: "Ine kunalibe, mwanangu. Galimoto inaliko. Tiisunge, idzanena." Amake mapasa anatembenukira kukhoma. Mawu amenewo anawasenza kuyambira tsiku limenelo, ndipo aloleza kuti anenedwe pano.

Bwalo la apolisi losungirako magalimoto linali lodzaza, losefukira madzi nthawi ya mvula, ndipo zipangizo zinkasowako. Pa 2 Novembala 2021 khoti linalola kuti galimotoyo isungidwe pakhomo pano. Zitseko ndi boneti zinamatidwa ndi timapepala ta chidindo, tosainidwa ndi apolisi ndi nthumwi ya akuchimuna, ndipo kiyi anatsala kupolisi mu envulopu yomata. Chinatsala n'kuwerenga kabokosi. Apa ndi pomwe zaka zinathera. Oimira kampani yopanga galimotoyo anati mtundu umenewo sunagulitsidwepo mbali ino ya dziko, choncho chingwe chake ndi chilolezo chowerengera alibe. A inshuwalansi anatseka nkhani yawo. Mlandu unkaitanidwa n'kuimitsidwa, kuitanidwa n'kuimitsidwa. Mnzawo wina wa kuntchito anadzipereka kuti ayesere ndi chingwe cha galimoto yofananako. Malemu anathokoza n'kukana. Anati choyesera chimayeseredwa pa chinthu chomwe uli nazo ziwiri.

Galimoto inakhala, ndipo pakhomo panasintha chifukwa cha iyo. Chingwe choyanikira zovala chinasamukira kuseri. Adzukulu analetsedwa mpira pabwalo. Malemu, amene ankadana ndi amphaka moyo wawo wonse, anaweta mphaka kuti makoswe asadye mawaya, ndipo ankamupatsa mkaka ndi nkhope ya munthu amene akulipira msonkho. Mphepo ikawomba ankatuluka kukamangitsa zingwe za lona. Mayi ankauza anzawo kuti pa ukalamba wawo apatsidwa mkazi mnzawo, wosaphika, wosachapa, koma wogula lona latsopano chaka chilichonse. Malemu akamva ankangoti mlandu suwola, koma waya amawola.

Amake mapasa anasiya kulowa pachipata. Ankatsitsa ana panja n'kubwerera, chifukwa kulowa kunali kudutsa pambali pa mpando umene amuna awo anagonapo. Mu Epulo 2023 anabwera kudzapempha kuti avomere mlandu, alandire chilango, galimoto ipite kwa ogula zitsulo, aliyense apume. Anauza bambo awo kuti atopa, ndiponso kuti iwo eni sakudziwanso chomwe phazi lawo linachita. Anthu akakuuza chinthu chimodzi zaka ziwiri, umayamba kuchikumbukira. Usiku ankalota akuponda, masana ankalumbira kuti sanaponde. Malemu anayankha kuti kuvomera chinthu chomwe sukuchidziwa ndi bodza lofanana ndi kukana chomwe ukuchidziwa, ndipo galimotoyo si yawo yoti angaigulitse, ndi ya khoti. Sanawonjezere liwu lotonthoza. Bambo ndi mwana anatha miyezi ingapo akulankhulana kudzera mwa mayi.

Malemu anawapeza ndi matenda a shuga mu 2015. Mu 2023 impso zinayamba kufooka, ndipo kuyambira Novembala chaka chimenecho ankapita kumakina otsuka magazi kawiri pamlungu. Amene ankawaperekeza anali amake mapasa, paminibasi, popeza chiphaso chawo choyendetsera chinali chitaimitsidwa. Ankakhala moyandikana maola onsewo akukamba za mapasa, za mitengo ya mankhwala, za namwino wa dzanja lopepuka ndi wa dzanja lolemera. Za galimoto sankazitchula. Thupi la malemu linkatha, koma makalata opita kukhoti ndi kukampani sanasiye kulemba. Maso atayamba kuvuta ankalembetsa mwana wawo womaliza, n'kumubweza akalakwitsa tsiku.

Pa 18 Malichi 2025 khoti linalamula kuti abwere katswiri wosakhudzana ndi mbali iliyonse, mayi wina wochokera kunja amene ali ndi zida ndi chilolezo cha mtundu wa galimotoyo. Tsiku linaikidwa: Lachitatu, pa 11 Juni 2025. Pa 27 Meyi malemu anagonekedwa m'chipatala madzi atadzaza m'chifuwa. Anauza dokotala kuti sakupempha zambiri, angowafikitsa pa 11. Dokotala anati ayesetsa, ndipo anayesetsadi. Loweruka pa 7 Juni kunawomba mphepo, ndipo funso lawo lomaliza lomveka bwino linali lakuti kodi lona lamangidwa. Anamwalira Lamulungu pa 8 Juni 2025, m'mawa, mayi atawagwira dzanja. Anali ndi zaka 68. Maliro adikira mpaka lero, Lachisanu pa 13 Juni, kuti mwana wawo wachitatu afike kuchokera kutali komwe amagwira ntchito.

Lolemba m'mawa anafika anthu omanga tenti. Atayeza bwalo ananena kuti galimotoyo ichoke, apo ayi theka la anthu likhala padzuwa. Achibale amene ankayendetsa zokonzekera anavomera, ndipo panalibe woipa mtima pakati pawo, ankaganizira inu. Lona linachotsedwa. Wina anabweretsa batire la galimoto yake. Anati injini ndi yabwinobwino, angoiliza, n'kuikankha mothandizana kudumpha ngalande ya pachipata, tayala lakumbuyo lingakhale lopindika, ikaime panja mpaka maliro atatha. Timapepala ta chidindo tinali titasuluka, ndipo palibe anatiwerenga. Atamva kuti kiyi ali kupolisi, mkulu wa omanga tenti anaseka n'kunena kuti palibe galimoto yobwera ndi kiyi mmodzi.

Ankanena zoona. Kiyi wachiwiri anali m'kathumba ka m'kati mwa chikwama cha amake mapasa, momwe anakhala kuyambira tsiku la ngozi. Apolisi sanafunse za kiyiyo, ndipo iwo sanauze munthu. Mmawa umenewo anali ataima pakhonde, chikwama chili paphewa, akuona kwa nthawi yoyamba galimotoyo ili pambalambanda. Pokhala mwana wa a Musalize, ankadziwa bwino chomwe kuliza ndi kudumpha ngalande kungachite. Ankadziwanso kuti palibe akanawaloza chala: anali maliro, panali piringupiringu, ndipo olizawo akanakhala ena. Lachitatu likubweralo kabokosi kakanatha kunena kuti anaponda, pamaso pa apolisi, pa apongozi awo, ndipo tsiku lina pamaso pa mapasa. Munthu yekhayo amene akanaletsa anali ali kumochale. Dzanja la amake mapasa linalowa m'chikwama n'kumukhudza kiyiyo.

Anatsika masitepe, n'kukaima pakati pa boneti ndi munthu wa batire uja. Sanakweze mawu. Anati: "Musalize." Pansi pa mtengo panali patakhala a bulekidauni achikulire angapo amene anabwera kudzapepesa. Atamva mawuwo anadzuka onse ngati aitanidwa ndi mwini wake, n'kubweza lona, n'kumanga zingwe mmene malemu ankamangira. Tenti inakhota kuyambira pamenepo.

Lachitatu pa 11 Juni katswiri uja anafika monga khoti linalamulira. Atapeza maliro anafuna kubwerera, koma mayi a pakhomo pano anamuuza kuti mwini nyumba anadikira tsikuli kuposa mmene anadikirira penshoni, choncho agwire ntchito. Panali apolisi awiri, woyeza magalimoto wa boma, loya wa amake mapasa, ndi achimwene awo a bambo a mapasa, kuimira akuchimuna. Anayamba aona zidindo, n'kupeza zonse zili zosadulidwa. Katswiriyo anatsimikiza kuti galimotoyo ili ndi kamera ndi chida choyeza mtunda, ndiponso kuti ndi ya mtundu wodzimangira mabuleki, zomwe mapepala ake sananene. Kenako anafunsa ngati pali kiyi wina kupatula wa kupolisi. Amake mapasa anatsegula chikwama n'kumuika pa boneti. Panamveka kung'ung'udza, ndipo achimwene aja anafunsa, monga zinali zoyenera kufunsa, kuti tidziwa bwanji kuti galimotoyi sinalizidwepo zaka zonsezi.

Katswiriyo anati kabokosi kamawerenganso kuti galimoto yayatsidwa kangati chipangidwireni. Analumikiza zida zake, onse ataima mozungulira kompyuta. Nambala ya tsiku la ngozi ndi nambala ya Lachitatulo zinasiyana ndi kamodzi, ndipo kamodziko kanali ka iye mwini polumikiza. Lipoti lolembedwa lipita kukhoti, koma mbali zonse zagwirizana kuti zomwe maso a mboni anaona zikhoza kunenedwa pano. Ndi izi. Dalaivala anali atamanga lamba. Phazi lake linali pa chopondera moto. Chopondera buleki sichinapondedwe mpaka lole inagunda. Mabuleki anamangidwa ndi galimoto yokha, mwamphamvu yonse. Liwiro linali makilomita 84 pa ola, pamalo pomwe malire ndi 80. Chomwe galimotoyo inaona kuti iime sichinadziwikebe. Zimenezo akufufuza m'kamera, ndipo banja silinenapo kanthu. Kuno si kukhoti. Mlandu ulowa pa 15 Julayi, ndipo galimoto ikhala pomwe ilipo mpaka khoti litanena.

Pokonza mbiri ino, amalume awo a amake mapasa, amene apatsidwa udindo woiwerenga, anaganiza zosiya nkhani ya liwiroyo. Anati makilomita anayi si kanthu, ndipo pamaliro si pochititsa mwana manyazi. Amake mapasa anakana. Anati: "Werengani zonse, amalume. Mukasiya folo ameneyo, atate adzuka m'bokosimo kudzakonza." Kanali koyamba kuwamva akuseka pakhomo pano chichitikireni ngozi. Tawerenga zonse.

Chatsala chinthu chimodzi, chomwe mayi apempha kuti chinenedwe chifukwa iwo sangathe kuimirira. Lachitatu lomwelo anthu atabalalika, amake mapasa anakagwada pafupi ndi mayi awo kupepesa kuti anabisa kiyi zaka zonsezi. Mayi sanadabwe. Anawauza kuti malemu ankadziwa kuyambira mlungu woyamba, chifukwa tsiku logula galimotoyo analipo ndipo anawerenga makiyi, monga ankachitira ndi chilichonse. Mu Novembala 2021, galimoto itangofika pabwalo, mayi anawakumbutsa kuti akalande kiyi winayo, mwana ali ndi chisoni, angachite chosayenera. Malemu anali akumanga chingwe cha lona, ndipo sanatembenuke. Anati: "Kiyi ndimalanda aliyense. Uyu yekha msiyeni naye." Sananenenso za nkhaniyo, ngakhale tsiku lija mwana wawo anabwera kudzapempha kuti zonse zithe. Amake mapasa anafunsa funso lawo m'chipatala mu Ogasiti 2021. Yankho linali m'chikwama chawo nthawi yonseyi.

Malemu asiya mkazi wawo, amene akhala naye zaka 41. Ana anayi, akazi awiri ndi amuna awiri. Adzukulu asanu ndi awiri. Mchimwene mmodzi ndi mlongo mmodzi. Akuchimuna kwa amake mapasa ali nafe lero. Agogo a mapasa a mbali imeneyo afika dzulo, ndipo akhala ndi adzukulu awo kumanzere kwa tenti. Banja lawalandira, ndipo siliwonjezerapo mawu.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino a kumakina otsuka magazi, a dzanja lopepuka ndi a dzanja lolemera omwe. Likuthokoza anzawo a ku ofesi yoyeza magalimoto amene anyamula bokosi, apolisi amene anasunga envulopu ija osaitsegula, ndi katswiri amene anagwira ntchito yake pakati pa anthu olira. Likuthokoza a bulekidauni, amene anapereka dzina ndipo analisunga. Likuthokoza omanga tenti, amene anasintha zomwe anali atayeza kale osanyinyirika, aneba amene atsegula mabwalo awo ndi kubwereka mipando, a mpingo, ndi nonse amene mwakhala padzuwa. Pempho ndi limodzi: pochoka pano musatsamire galimotoyo, ndipo ana asakwerepo.

A Musalize anagwira ntchito yotopetsa, anadwala matenda otopetsa, ndipo anadikira tsiku lomwe sanalione. Chomwe anasunga chasungika, ndipo chalankhula. Lona tizimanga ndife. Iwo akapume, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere.